Ulendo wa Woperekeza

Kale kwathu kuno mwamuna ndiye ankanyamuka kunka kutali kukafuna chuma, ku Halale kapena ku Joni, ndipo mkazi ankangomperekeza kufikira pa mphambano, nabwerera kukasunga mudzi. Masiku ano m'mabanja ambiri zinthu zatembenuka: mkazi ndiye mwini ulendo, ndipo mwamuna akapita nawo, apita monga woperekeza. Ife amene tilemba mau ano tinakhalapo woperekeza wotere. Tifuna kufotokozera anzathu zimene tinaona, ndi cholakwa chimene tinachita, kuti wina akadzayenda njira yomweyo asadzapunthwe pa mwala umene tinapunthwapo ife.

Ntchito yathu ndi ya uphunzitsi pa sukulu ya mishoni, ndipo tagwira choko zaka zambiri chichokere ku sukulu ya aphunzitsi, imene akulu aja ankaitcha Normal. Amayi a kunyumba kwathu achita malonda a nsalu. Akagula zitenje ku Dar es Salaam, nadzagulitsa pa msika. Tisabise kanthu: malata ali pa nyumba yathu, ndi fizi ya ana athu a ku sekondale, zambiri zinatuluka m'mitolo ya nsaluyo, si m'malipiro athu ayi. M'chaka cha 2019, pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, mnzao amene ankayenda naye anadwala, ndipo amayiwo anati kwa ife, "Abambo, kuyenda awiri si mantha. Tiyeni mundiperekeze. Sindipempha zambiri: mundisungire thumba panjira, mundilembere m'buku madzulo, ndipo usiku wotsiriza timange mitolo pamodzi." Tinavomera msanga, pakuti tinali titaphunzitsa ana za Nyanja ya Mchere zaka zonsezo osaiona ndi maso.

Tinadutsa Karonga, nitioloka mtsinje wa Songwe, umene uli malire a Malawi ndi Tanzania. Pamenepo tinasuntha wotchi yathu ola limodzi, pakuti nthawi ya kumeneko itsogola yathu. Basi inakwera mapiri a Tukuyu, odzala ndi nthochi ndi tiyi, nilowa msewu waukulu pafupi ndi Mbeya, nidutsa Iringa ndi nkhalango ya Mikumi, kumene mbidzi ndi anyamalikiti aima m'mphepete mwa msewu osaopa galimoto; ndipo titapitirira Morogoro tinatsikira ku dziko lotentha la kugombe, nitifika mumzinda matupi ali olema.

M'mawa mwake tinatsata amayi ku Kariakoo, ndiko kuli masitolo a nsalu. Tinavala jekete ndi tayi monga mwa chizolowezi chathu. Anthu anali piringupiringu, ngolo zokankha ndi njinga zamoto zilikulimbana m'tinjira, ndipo amayi anayenda pakati pa zonsezo monga munthu ali pabwalo pake, ife tili pambuyo kugundana ndi amalonda. M'sitolo yoyamba iwo anayamba kunenerera mtengo m'Chiswahili, chimene tinali tisanadziwe kuti achilankhula bwino chotero. Ife, pofuna kuoneka kuti tilipo, tinalowerera ndi kukonza masamu a mwini sitolo mokweza mau. Munthuyo anatiyang'ana kuyambira ku tayi kufikira ku nsapato, nakana kutsitsanso ngakhale pang'ono. Titatuluka, amayi anatikokera pambali, nati motsitsa mau, "Aphunzitsi, muno si m'kalasi. Jekete lanulo landikwezera mtengo. Pitani mukapumule, tidzaonana madzulo."

Mau amenewo anatilasa. Tinabwerera ku nyumba ya alendo, nitikhala m'chipinda tsiku lonse, tilikulingalira kuti munthu amene ana 80 aimirira akalowa m'kalasi, lero wasanduka katundu wa mkazi wake. Madzulo amayi anafika mapazi atatupa, pakhosi pali gwaa ndi kunenerera, napeza ife tili ndwii, osafunsa ngakhale umo anayendera. Anatiyang'ana nthawi, nati, "Kodi ndisenze nsalu, ndisenzenso nkhope yanuyo?" Pamenepo tinachita manyazi, nitizindikira kuti woperekeza wokhala ndi msunamo alemera koposa mitolo yonse. Usiku womwewo tinapangana chotere: m'mawa aliyense azinka kwake, amayi ku nsalu, ife kukaona dziko, ndalama ya tsiku tiziwerengeratu, isakhudze mpamba, ndipo pofika 6 koloko madzulo tizikhala titabwera, buku lili m'manja.

Tsiku lachiwiri tinavula tayi, nitiyenda pansi tokha kulinga kugombe. Mzindawu unayambidwa ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860, ndipo dzina lake ndi la Chiarabu, lonena za malo a mtendere. Pakati pa mzinda, pa mphambano yozungulira, tinapeza fano la msilikali wa chikuda atagwira mfuti, limene linaimikidwa mu 1927 kukumbukira asilikali ndi onyamula katundu a pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Nkhondo imeneyo makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, ndipo onyamula katunduwo ndiwo amtengatenga, amene anatengedwa zikwi zambiri m'midzi ya Nyasaland, ambiri osabwereranso. Agogo ao a bambo athu anali mmodzi wa iwo. Anabwera, koma sankakonda kusimba za kumeneko. Ndipo dzina lija la Kariakoo, kumene amayi analikugula nsalu ola lomwelo, lichokera ku mau akuti Carrier Corps, ndilo gulu la amtengatenga la Angerezi, limene linamanga misasa pamalopo. Tinaima pafupi ndi fanolo chipewa chili m'manja, magalimoto alikutizungulira, ndipo sitinaone wina woima nafe.

Titachoka apo tinatsikira ku Kivukoni, kumene kuli msika wa nsomba ndi doko la pantoni. Tinaona nsomba za mitundu imene sitidziwa maina ake, nkhanu zazikulu, ndi zamoyo zina za miyendo isanu ndi itatu zimene munthu wa ku Nyanja ya Malawi sangakhulupirire kuti zidyedwa. Tinapita pamene panalibe anthu ambiri, nitiviika chala m'madzi, nitilawa monga mwana. Analidi a mchere. Tinaonanso chimene tinkalemba pa bolodi chaka ndi chaka osachimvetsa: madzi amene m'mawa anali kutali, mchenga uli poyera, masana anali atabwera kufikira pa miyala. Nyanja yathu sichita zotere, koma iyi idzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku, chifukwa cha kukoka kwa mwezi.

Tsiku lachitatu tinalimba mtima, nitikwera minibasi, imene kumeneko aitcha daladala, kunka ku Bagamoyo, mtunda wa makilomita ngati 70 kumpoto kwa mzinda. Ndi mudzi wachete wa nyumba zakale za miyala ya m'nyanja, zina zitagumuka, ndipo pagombe amisiri akali kukhoma zombo za matanga ndi manja. Pano ndipo pankathera njira yaikulu ya amalonda yochokera ku Ujiji ndi Tabora, ya minyanga ya njovu ndi akapolo. Dzinalo alimasulira kuti "tula mtima", pakuti m'Chiswahili moyo ndiwo mtima. Ena ati ankatero ndi onyamula katundu pokondwa kuti ulendo watha. Ena ati ndi akapolo potaya chiyembekezo poona nyanja. Ajeremani anayamba kulamulira dziko lija ali pano, kufikira mu 1891 pamene anasamutsira likulu lao ku Dar es Salaam. Ndipo kuyambira apo Bagamoyo anayamba kugona tulo.

Pa mishoni ya Akatolika, imene ansembe a Mzimu Woyera anatsegula mu 1868 nalerapo akapolo oomboledwa, tinaona mlambe waukulu umene unabzalidwa chaka chomwecho, ndi nsanja ya tchalitchi chakale. M'tchalitchi chimenecho ndimo anagoneka mtembo wa David Livingstone mu Febuluwale 1874. Iye anamwalira kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu Meyi 1873. Ndipo anyamata ake, otsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, naumika thupi, nalisenza miyezi isanu ndi inayi kufikira pagombe pano. Chuma ameneyo anali mwana wa kwathu, Myao, amene anamasulidwa ku ukapolo mu 1861 kumapiri a Shire, nakhala ku Magomero. Pokhala pansi pa mlambewo tinalingalira kuti amenewanso anali operekeza, ulendo sunali wao. Koma mwini ulendo atagwa, iwo ndiwo anautsiriza.

Ku Bagamoyo komweko tinakonza cholakwa cha m'phunziro lathu. Zaka zambiri tinkauza ana kuti akapolo otengedwa kwathu ankadzera pano, chifukwa dzina lake ndilo lotchuka. Koma poyang'anitsitsa mapu a njira zakale m'nyumba yosungiramo mbiri, tinaona kuti njira ya ku Nyanja ya Malawi inali ina: ochokera ku Nkhotakota ankaolotsedwa pa zombo kunka kutsidya la kum'mawa, nayendetsedwa pansi kufikira ku Kilwa, kutali kumwera kwa Dar es Salaam, ndipo kuchokera uko ankatengedwa kunka ku Zanzibar. Mphunzitsi akalakwa salakwa yekha; ana mazana atuluka nacho cholakwacho. Tinalemba m'kabuku kathu, nitifika ku nyumba ya alendo nthawi isanakwane.

Madzulo a masiku amenewo anali okoma. Tinaphunzira kuyamba ndife kufunsa, "Mwayenda bwanji, amayi? Mitengo ili bwanji lero?" ndi kuwatungira madzi osamba tisanatsegule pakamwa kusimba zathu, pakuti sikuyenera kuti munthu wochokera kokaona zokoma athire nkhani zake pa mnzake amene watsala pang'ono kugwa ndi kutopa. Tikatha kudya tinkalemba m'buku mtundu wa nsalu, chiwerengero chake ndi mtengo wake, kuti pa malire posonkha msonkho pasadzakhale chisokonezo. Pamenepo masamu athu anapeza malo ake oyenera, ndipo amayi anatiyamika.

Tsono linafika tsiku lotsiriza, ndilo la cholakwa chathu. Basi yobwerera kwathu inali ya m'mawa mwake, matikiti atagulidwa kale. Tinapempha kuti tikaone Zanzibar, popeza sitima yothamanga ifika kumeneko m'maola awiri okha. Amayi anakayika, nati, "Lero ndi la mitolo, abambo." Ife tinalonjeza kuti dzuwa lisanalowe tidzakhala titabwera, ndipo anatilola. Tinagula tikiti yopita yokha, poganiza kuti yobwerera tidzagula tikakhuta kuona. Padoko la chisumbucho anationa pasipoti monga tafika m'dziko lina, pakuti ngakhale Zanzibar anaphatikana ndi Tanganyika mu 1964 kupanga Tanzania, ali ndi boma lakelake la zam'kati.

Tinalunjika ku tchalitchi chachikulu cha Anglican, chimene chinamangidwa pamalo penipeni pa msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa mu Juni 1873, pamene Sultan Barghash anasaina pangano ndi Angerezi, ndipo pa Khirisimasi ya chaka chomwecho mwala wa maziko unaikidwa. Bishopu Edward Steere ndiye anayang'anira ntchito yomanga, ndipo manda ake ali kuseri kwa guwa. M'katimo muli mtanda waung'ono wosemedwa ku mtengo uja wa kwa Chitambo. Mishoni imene inamanga pano ndi yomweyo inayamba ku Magomero mu 1861, nisamukira ku Zanzibar mu 1864, nibwereranso ku nyanja yathu pa Likoma mu 1885. Panja pali dzenje, ndipo m'dzenjemo muli mafano asanu a anthu omangidwa unyolo m'khosi, osemedwa mu 1998. Livingstone analemba kuti kazembe wa Angerezi, Rigby, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera ku dziko la nyanja yathu lokha ankadutsa pa nyumba ya msonkho ya chisumbuchi chaka ndi chaka. Tinayang'ana nkhope za mafanowo, ndipo zinali nkhope za anthu a m'mudzi mwathu.

Chimene chinatigwira mtima koposa ndi ichi. Anthu amenewo ankagulidwa ndi mikanda, mfuti, onga ndi nsalu, makamaka nsalu yoyera ya thonje yochokera ku America, imene Aswahili ankaitcha merikani. Ndipo ogulitsa sanali alendo okha ayi, koma ndi mafumu ena a kwathu komwe. Ngakhale msika uno unatsekedwa mu 1873, kwathu malondawo anapitirira kufikira mu 1895, pamene Mlozi anagonjetsedwa ku Karonga, pamene ife tinadutsa pa basi. Nsalu inkachokera kugombe lino kunka kumtunda, anthu nkutsika kudza kugombe. Lero nsalu ikali kuyenda njira yomweyo, koma aisenza ndi mkazi mfulu, woigula ndi ndalama ya thukuta lake, kuti ana ake aphunzire. Ndipo ife tinali titachita manyazi kutchedwa woperekeza wa mkazi wotere!

Tili m'maganizo amenewo tinatuluka, nitifunsa mnyamata wogulitsa madzi a nzimbe nthawi ya sitima yotsiriza. Iye anati, "Saa kumi." Ife pomva kumi tinati ndi khumi wathu yemwe, ndiye kuti 10 koloko ya usiku, ndipo tinaganiza kuti ngati yotsiriza ili ya usiku chotero, za madzulo zilipo zambiri. Sitinafunsenso wina. Tinayendayenda m'tinjira topapatiza ta mzinda wakalewo, momwe galimoto silowa, tilikusirira zitseko zosema za misomali yamkuwa ndi kununkhiza zokometsera zakudya pa msika. Pofika padoko 5 koloko tinapeza chipata chotseka. Mlonda anatifotokozera mwaulemu kuti Aswahili ayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, popeza kufupi ndi pakati pa dziko lapansi lituluka nthawi imodzimodzi chaka chonse. Chotero ola loyamba ndilo 7 koloko ya m'mawa, ndipo ola la khumi ndilo 4 koloko ya madzulo. Mnyamata uja ananena zoona. Wolakwa ndife, mphunzitsi wa masamu. Akulu anati safunsa anadya phula. Ife tinafunsa kamodzi, nitiyesa kuti tamva, ndipo phula lake linali lomwelo.

Tinaimba lamya manja alikunjenjemera. Amayi anakhala chete nthawi yaitali, ndipo pomaliza anangofunsa, "Mwadya?" Tinagona m'kachipinda kolipira, tulo osabwera. Iwo usiku umenewo anamanga mitolo ndi thandizo la amayi ena amalonda a kwathu amene anagona m'nyumba yomweyo, kufikira pakati pa usiku. M'mawa basi inanyamuka popanda ife awiri, pakuti amayi anakana kusiya mwamuna wao kutsidya la nyanja. Matikiti anapita pachabe; ndipo powerengera ndi malo ogona ndi chakudya, tinataya phindu la zitenje 15. Tinalemba tokha m'buku, ndi dzanja lathu.

Titafika ndi sitima yoyamba tinawapeza atakhala pa mitolo. Sanakalipe. Anati, "Abambo, ndalama tidzapeza zina. Koma ine ndinakutengani kuti ndisaope, ndipo usiku wathawu ndaopa koposa maulendo onse amene ndinayenda popanda inu." Tinalibe choyankha, koma kupepesa. Patapita nthawi anatinso, "Tsono tandiuzani chimene munaona kumeneko, chodya zitenje zanga 15." Tinawasimbira za dzenje lija, za merikani, ndi za njira ya ku Kilwa. Anamvetsera dzanja lili pa mtolo, ndipo titatha anati, "Ine ndafika mumzinda muno zaka 12, koma ndidziwa Kariakoo ndi pokwerera basi basi. Nyanjayo sindinaione."

Mau amenewo anatichititsa manyazi koposa oyamba aja. Ife m'masiku anayi tinaona zimene mwini ulendo sanaone m'zaka 12, ndipo tinaziona ndi ndalama yake. Popeza basi ina inali ya m'mawa mwake, masana amenewo tinawatsogolera ku Kivukoni. Anavula nsapato, naponda m'madzi mapazi otupa aja, naviika chala, nalawa, naseka monga mtsikana. Sitinena kuti ichi chinabweza zitenje zija ayi. Zinatayika ndithu, ndipo mwezi wotsatira tinazimva m'nyumba.

Tsono kwa anzathu amene adzaperekeza akazi ao kapena amuna ao pa ulendo wa ntchito, tinena izi. Choyamba, dziwani kuti ulendo uli ndi mwini wake. Musalowerere ntchito imene simuidziwa, ndipo musakhale m'chipinda ndi msunamo. Tulukani mukaone dziko, pakuti kuyenda wekha kuli ndi phindu lake: uima pamene ufuna, ufunsa osachita manyazi, ndipo maganizo apeza mpata. Chachiwiri, yambani ndi zapafupi, zakutali zidze pambuyo. Koma malo ofuna kuoloka madzi musawasungire tsiku lotsiriza. Chachitatu, gulani tikiti yobwerera musanayambe kuona kanthu, ndipo nthawi mukaifunsa m'dziko la eni, pemphani akulozereni pa wotchi. Chachinayi, ola limene mwapangana ndi mnzanu likhale lolemera koposa chilichonse chimene mungaone panjira. Ndipo chotsiriza, zimene mwaona musazisunge nokha. Mwini ulendo ali nalo gawo lake, ndipo ngati mpata upezeka, ngakhale wa ola limodzi, mutengeni akaone ndi maso ake.

Sukulu itatsegulidwa tinajambula mapu pa bolodi, nitifafaniza mzere wathu wakale wa ku Bagamoyo, nitilemba wa ku Kilwa, ndi kuuza ana poyera kuti mphunzitsi wao analakwa. Mwana wina anakweza dzanja, nafunsa chimene tinakachita ku Dar es Salaam. Tinayankha kuti tinaperekeza amayi ku malonda ao, ndipo sitinatsitse mau ponena.